Opanga ma oscilloscope otchipa alowerera msika wa akuluakulu

M'chaka cha 2014, kampani ya ku China ya Rigol inatulutsa oscilloscope yotchedwa DS1054Z pa mtengo wa madola 399. Patatha zaka zinayi, Keysight ya ku America inatulutsa gulu la makina otchedwa UXR, ndipo apamwamba kwambiri m'gulumo mtengo wake unapyola madola miliyoni imodzi. Onsewa ndi ma oscilloscope, ndipo ntchito yawo ndi imodzi: kujambula pa sikirini mmene magetsi akukwerera ndi kutsika pamene nthawi ikupita. Koma kwa zaka zambiri ogula ake sankakumana n'komwe. Wina anali mwana wasukulu, wokonza mawailesi ndi ma TV, kapena munthu wongokonda kusewera ndi zamagetsi kunyumba. Winayo anali injiniya wa kampani yopanga ma chip a makompyuta akuluakulu. Lero Rigol, Siglent ndi anzawo, amene anatchuka ndi katundu wosaboola m'thumba, ayamba kupanga makina olimbirana makasitomala ndi eni msika akale.

Amene anagwirapo mita yoyezera magetsi akudziwa kuti imangopereka nambala. Mukayeza pa soketi ya pakhoma ikuuzani kuti pali ma volt 230, nkhani n'kuthera pomwepo. Oscilloscope imakuonetsani maonekedwe a magetsi omwewo: funde losalala lokwera ndi kutsika maulendo 50 pa sekondi, monga mmene magetsi a ESCOM kapena a ZESCO amayenera kukhalira. Mukayeza ma inverter ena otchipa a sola, m'malo mwa funde losalala mumaona masitepe a makona akuthwa, ndipo pomwepo mumamvetsa chifukwa chake fani imalira modandaula komanso mota ya firiji imatentha. Mita sikanakuuzani zimenezo. Tichenjezane pang'ono apa: kachingwe ka ground ka pa probe (chingwe cha nsonga chimene mumakhudzira pamene mukuyeza) kamalumikizana ndi earth ya pakhoma kudzera m'makinamo, ndiye kukapana pa waya wa moto ndi kuputa ngozi.

Ntchito ngati imeneyi makina a madola 399 amaitha bwinobwino. Zimavuta magetsi akayamba kusintha mofulumira zedi. Chingwe cha USB 3.0 chimatumiza ma bit, tizidutswa ta deta ta 1 kapena 0, mabiliyoni 5 pa sekondi, kutanthauza kuti bit imodzi imakhalapo kwa ma picosecond 200 okha (sekondi imodzi ili ndi ma picosecond thiriliyoni imodzi). Mu PCIe 5.0, njira imene zipangizo za m'kati mwa kompyuta zimapatsirana deta, bit imodzi imatenga ma picosecond pafupifupi 31. Pa nthawi imeneyo ngakhale kuwala sikukwanitsa kuyenda sentimita imodzi. Kuti makina aone zinthu zothamanga chonchi, nambala yoyamba imene ogula amafunsa ndi bandwidth, liwiro la funde limene makina amayamba kulionetsa lochepa kusiyana ndi mmene lilili, pafupifupi magawo 70 pa 100 a kukula kwake kwenikweni. DS1054Z inagulitsidwa ngati ya 50 MHz, kutanthauza mafunde mamiliyoni 50 pa sekondi. UXR yapamwamba imafika 110 GHz, mafunde mabiliyoni 110 pa sekondi, kuposa pamenepo maulendo oposa 2,000.

Eni msika

Mayina amene akhala pamwamba ndi anayi. Tektronix inayamba mu 1946 ku Portland, Oregon, ndipo amene anaitsogolera anali Howard Vollum ndi Jack Murdock. Makina awo a Model 511 anatchuka chifukwa ankadikira kuti funde lifike pa mlingo wosankhidwa asanayambe kulijambula, chithunzi n'kuima chilili pa sikirini m'malo momangoyendayenda. Keysight mizu yake ili ku Hewlett-Packard: gawo la zipangizo zoyezera linapatuka mu 1999 n'kukhala Agilent, kenaka mu 2014 linapatukanso n'kukhala Keysight. LeCroy, imene Walter LeCroy anaiyambitsa mu 1964 popanga zipangizo za akatswiri a physics, inagulidwa ndi kampani ya ku America ya Teledyne mu 2012. Rohde & Schwarz ya ku Munich ndi kampani yakale, ya mu 1933, koma ma oscilloscope apamwamba a dzina lake inayamba kugulitsa mu 2010. Chaka chimenechi n'chofunika kuchikumbukira, chifukwa chikuonetsa kuti mlendo angathe kulowa msikawu. Kungoti mlendo ameneyu anabwera kale ndi mbiri yopanga zipangizo zodula zoyezera mafunde a wailesi, ndipo patatha zaka zoposa khumi makina ake othamanga kwambiri, a RTP, anali pa 16 GHz.

Rigol inayamba mu 1998 ku Beijing, ndipo pano likulu lake lili ku Suzhou. Siglent inayamba mu 2002 ku Shenzhen. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti makampani awiriwa anaphunzira zambiri pogwirira ntchito akuluakulu omwewo. Rigol inapangirapo Agilent ma oscilloscope ang'onoang'ono amene ankagulitsidwa ndi dzina la Agilent. Siglent inapangira LeCroy makina a WaveAce, ndipo ena amene akugulitsidwa ndi dzina la Teledyne Test Tools ndi a Siglent ovekedwa malaya ena. Akuluakuluwo ankaona kuti msika wa pansi phindu lake ndi lochepa, ndiye anausiya m'manja mwa ena. Osiyiridwawo anaphunziramo mmene katundu woyezera amayesedwera asanatuluke mu fakitale, komanso zimene kasitomala wa ku Ulaya ndi ku America amayembekezera.

Dzina la Rigol linamveka padziko lonse chifukwa cha DS1052E, makina a 50 MHz. Anthu atatsegula m'kati anapeza kuti ndi omwewo ndi DS1102E ya 100 MHz yodulirapo, kusiyana kunali mu pulogalamu basi. Kutumiza malamulo ochepa kuchokera pa kompyuta kunali kokwanira kusintha nambala ya mtundu wa makinawo, bandwidth n'kuwirikiza kawiri. Dave Jones wa ku Australia, mwini makanema a zamagetsi a EEVblog, ataonetsa zimenezi pa YouTube mu 2010, makinawo anayenda malonda mosaneneka. DS1054Z inabwera ndi ma channel anayi, kutanthauza kuti imayeza mafunde anayi nthawi imodzi, komanso malo osungira miyeso mamiliyoni 12, pamene makina otchipa a Tektronix a nthawi imeneyo ankasunga miyeso 2,500 yokha pa channel. Munthu wogula ndi ndalama za m'thumba mwake sankafunika kuganiza kawiri.

Koma makina amenewa ankamangidwa ndi zipangizo zogula kwa ena. Mtima wa oscilloscope ya masiku ano ndi ADC, chip imene imasandutsa funde la magetsi kukhala manambala. Mu DS1054Z munali ADC yopangidwa ndi Hittite, kampani imene Analog Devices ya ku America inagula mu 2014. Aliyense amene ali ndi ndalama akanatha kugula chip yomweyo n'kupanga makina ofanana, ndipo ambiri anaterodi. N'chifukwa chake msika wa pansi unadzaza ndi mayina monga Owon, Hantek ndi Uni-T, mitengo n'kumangotsika. Amene akufuna phindu lenileni ayenera kukwera m'mwamba, ndipo kumeneko ma chip ake sagulitsidwa pa kauntala.

Chifukwa chake kukwera n'kovuta

Tiyambe ndi ADC yomweyo. Kuti makina a 13 GHz ajambule funde mokhulupirika, amayeza maulendo mabiliyoni 40 pa sekondi, muyeso umodzi pa ma picosecond 25 alionse. Palibe ADC imodzi payokha imene ingapirire liwiro limenelo, ndiye opanga amaika ma ADC ang'onoang'ono ambiri kuti azilandizana. Zili ngati amayi atatu akusinja mu mtondo umodzi: aliyense amatsitsa munsi wake pa nthawi yake, ndipo ntchito imafulumira katatu, koma wina akangochedwa kapena kufulumira pang'ono, minsi imagundana. M'makinamu kulakwitsa kwa picosecond imodzi, kapena ADC imodzi kuwerenga mokweza pang'ono kuposa inzake, kumabala mafunde abodza amene kulibe pa chinthu chimene mukuyezacho. Injiniya angathe kutha sabata akusakasaka vuto pa bolodi lake, pamene vutolo labadwira m'makina oyezera.

Kutsogolo kwa ADC kuli amplifier, chipangizo chokulitsa funde, imene imalandira funde kuchokera kunja. Silicon wamba amafooka liwiro likakwera, choncho Tektronix ndi LeCroy anadalira silicon wosakaniza ndi germanium. Agilent inasankha indium phosphide, ndipo mu 2010 inatulutsa makina a 32 GHz ogwiritsa ntchito ma chip amenewa. Keysight mpaka pano ili ndi fakitale yakeyake ya ma chip otere ku Santa Rosa, California. Pamene ma chip sakufika, makampani amagwiritsa ntchito nzeru zina. LeCroy imagawa funde m'zigawo malinga ndi liwiro, chigawo chilichonse n'kuchiyeza pachokha kenaka n'kuzisokanso pamodzi ndi masamu, ndipo ndi njira imeneyi inaonetsa makina a 100 GHz mu 2013. Tektronix ili ndi njira yake yotchedwa ATI, imene inaifikitsa pa 70 GHz. Zonsezi zili ndi ma patent, ziphaso zoletsa ena kukopera, ndipo kuseri kwake kuli zaka makumi a zolakwitsa zimene eni ake analipira kale.

Ndalama zake nazo si zamasewera. Kupanga chip yatsopano kumadya madola mamiliyoni ambiri isanagwire ntchito n'kamodzi komwe, pamene makina apamwamba amagulidwa ochepa pa chaka. Mu 2024 Keysight inagulitsa katundu wa pafupifupi madola mabiliyoni 5, ngakhale kuti ma oscilloscope ndi gawo chabe la malondawo, ndipo pa kafukufuku yekha inaika pafupifupi madola mamiliyoni 900. Malonda onse a Rigol a chaka chimenecho anali cha m'ma madola mamiliyoni 100. Ndiye kuti zimene Keysight imaononga pofufuza zinthu zatsopano zikuposa kangapo zonse zimene Rigol imapeza.

Rigol inalimba mtima n'kupanga ma chip akeake, gulu limene inalitcha Phoenix. Zotsatira zake zinaoneka mu 2018 pa makina a MSO5000, amene ankayeza maulendo mabiliyoni 8 pa sekondi pa mtengo woyambira pansi pa madola 1,000, liwiro limene kale linkapezeka pa makina odula kangapo. Mu 2019 kunabwera MSO8000 yofika 2 GHz, kenaka DS70000 yofika 5 GHz, ndipo mu 2023 kampaniyo inalengeza DS80000 ya 13 GHz. Siglent nayo yakwera kudzera pa SDS6000A ya 2 GHz mpaka SDS7000A imene yafika 8 GHz. Ndalama zolipirira zonsezi zina zinachokera ku msika wa masheya wa STAR ku Shanghai, kumene Siglent inalowa mu Disembala 2021 ndipo Rigol inatsatira mu Epulo 2022.

Nambala ya 13 GHz sinangosankhidwa mwachisawawa. Pamenepo m'pamene makina amayamba kukwanira kuyesa USB 3.0 ndi PCIe 3.0, njira zimene zili m'katundu wambiri amene mafakitale akupanga tsiku ndi tsiku. Koma PCIe 4.0 imafuna makina a pafupifupi 25 GHz, PCIe 5.0 imafuna oposa pamenepo, ndipo PCIe 6.0 inasiya kutumiza milingo iwiri yokha ya magetsi n'kuyamba kutumiza inayi, zimene zimachititsa kuti phokoso laling'ono lomwe lisokoneze kuwerenga. Opanga ma chip a makompyuta a AI ndi zipangizo zotumizira deta pa zingwe za fiber akugwira ntchito kumeneko. Choncho mawu akuti "msika wapamwamba" tiziwamva mosamala. Makina amene Rigol ndi Siglent akuwatcha apamwamba, m'ndandanda wa katundu wa Keysight ali cha pakati.

Ndale zinalowererapo

Nkhaniyi sikanathamanga chonchi pakanapanda mkangano wa America ndi China. Mayiko a m'pangano la Wassenaar, limene China mulibe, amafuna chilolezo chapadera pogulitsa kunja ma oscilloscope a phokoso lochepa amene bandwidth yake ndi 60 GHz kapena kuposa. Ma ADC othamanga kwambiri nawonso ali pa mndandanda wa katundu woyang'aniridwa. Mu Meyi 2019 boma la America linaika Huawei pa mndandanda wa makampani amene sangagulitsidwe zipangizo za ku America popanda chilolezo, ndipo makampani ndi masukulu ena a ku China anatsatira. Kwa injiniya wa ku Shenzhen, funso linasintha. Kale ankafunsa kuti makina abwino kwambiri ndi ati. Tsopano anayamba kufunsa kuti ndi makina ati amene adzapezekebe chaka chamawa, ndipo akaonongeka adzakonzedwa ndi ndani. Boma la China nalo likulimbikitsa mabungwe ake kugula katundu wopangidwa m'dzikomo.

Zimenezi zinapatsa makampani a ku China chinthu chimene mlendo aliyense amasowa polowa msika wodula: makasitomala okonzeka kupirira zofooka za katundu woyamba. Oscilloscope yapamwamba imakhwima ikamagwiritsidwa ntchito ndi mainjiniya ovuta, amene amadandaula, kubweza makina, n'kufuna kuti pulogalamu ikonzedwe. Popanda makasitomala otere, kampani imangopanga makina okongola pa pepala. Chodabwitsa n'chakuti amene anapyola malire a 60 GHz ku China si Rigol kapena Siglent. Mu Okutobala 2025 ku Shenzhen, Longsight, kampani ya pansi pa SiCarrier, imene imapanga makina opangira ma chip, inalengeza oscilloscope ya 90 GHz. Iyi sinayambire pa katundu wotchipa. Inabadwira kutseka mpata umene ziletso zinatsegula, ndipo ndi nkhani yosiyana ndi ya kampani imene iyenera kudzilipirira kafukufuku ndi phindu la makina a madola 400.

Misonkho imene America inaika pa katundu wa ku China kuyambira 2018 inakhudzanso zipangizo zoyezera. Rigol yatsegula fakitale ku Penang m'dziko la Malaysia, komwe Keysight yakhala ikupangira katundu wake wambiri kuyambira m'masiku a Hewlett-Packard.

Nkhondo ya ma bit

Pali bwalo lina limene otchipawo apambana moonekeratu. Kwa zaka zambiri pafupifupi oscilloscope iliyonse inali ya 8-bit, kutanthauza kuti imagawa msinkhu wa sikirini m'masitepe 256. Ya 12-bit imagawa m'masitepe 4,096. Kusiyanaku kumaoneka mukafuna kuona kanthu kakang'ono kokwera pa chinthu chachikulu, monga kugwedera kwa ma millivolt ochepa pa waya wa ma volt 12 wotuluka mu chaja. LeCroy ndi imene inatsogola kugulitsa makina a 12-bit kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010, Tektronix n'kutsatira mu 2017 ndi 5 Series MSO, onsewo pa mitengo ya madola masauzande ambiri. Rigol itapanga gulu lachiwiri la ma chip ake, lotchedwa Centaurus, inatulutsa DHO800 mu 2023: 12-bit, yopyapyala, yolandira moto kudzera pa USB-C, mtengo pansi pa madola 500. Siglent inayankha ndi SDS800X HD. Chinthu chimene chinali chonyadira cha makina odula chinasanduka chawamba m'zaka zochepa.

Apa mpofunika kuchenjera ndi zolembedwa pa bokosi. ADC ya 12-bit siitanthauza kuti ma bit onse 12 akunena zoona. Phokoso la mu amplifier ndi kunjenjemera kwa wotchi ya m'kati zimadya ena, ndipo otsalawo ndi amene mainjiniya amawatcha ENOB. Liwiro likamakwera ENOB imatsika, moti makina a 12-bit angatsale ndi ma bit 8 kapena ochepera. N'chifukwa chake UXR, ngakhale ndi ya 10-bit, ndi chinthu chovuta kupanga kuposa makina otchipa a 12-bit: imasunga phokoso lochepa pa liwiro limene ena safikako n'komwe. Wogula wanzeru amafunsa phokoso la makina pa bandwidth yonse, osati nambala yaikulu ya pa chikuto.

Akuluakulu sanangokhala manja lende. Mu 2017 Keysight inatulutsa 1000 X-Series yoyambira pansi pa madola 500, ndipo Rohde & Schwarz inatulutsa RTB2000 ya 10-bit. Mu 2022 Rohde & Schwarz inabweretsa MXO 4, imene chip yake imajambula mafunde oposa mamiliyoni 4 pa sekondi, zothandiza kugwira vuto limene limangoonekera mwa apo ndi apo. Keysight inabwera ndi HD3 ya 14-bit mu 2024. Makina ang'onoang'ono ngati 1000 X-Series phindu lake si lalikulu, koma akuluakuluwo akudziwa kuti wophunzira amene manja ake azolowera mabatani a Rigol ku yunivesite, tsiku lina ndi amene adzasaine pepala logulira makina a kampani.

Zimene sizikhala m'bokosi

Kuona kwanga n'kwakuti chotchinga chachikulu si ma gigahertz. Ma chip adzapangidwa, ndalama zilipo ndipo boma likukankha. Chovuta kwambiri ndi zinthu zozungulira makinawo, ndipo choyamba ndi probe. Probe wamba imene imabwera ndi makina otchipa ili ndi capacitance, mphamvu yosunga magetsi pang'ono, ya pafupifupi 10 pF (picofarad). Pa magetsi oyenda pang'onopang'ono zimenezi sizivuta. Koma pa 1 GHz, 10 pF imeneyo imaoneka kwa funde ngati njira ya ma ohm 16 okha yopita ku ground. Mukangokhudza waya ndi nsonga yake mwasintha kale chimene mumafuna kuyeza, ndipo nthawi zina bolodi limasiya kugwira ntchito, kapena choipa kwambiri, limayamba kugwira ntchito pokhapokha probe ili pomwepo. Pa liwiro lotere pamafunika probe imene ili ndi amplifier kunsonga kwenikweni, ya capacitance yosakwana 1 pF. Zina nsonga zake ndi timawaya towonda ngati tsitsi timene injiniya amatiwotcherera pa bolodi akuyang'ana pa microscope. Probe imodzi yotere ingadule kuposa ma oscilloscope otchipa khumi. Labotale imene yakhala ikugula Tektronix kapena Keysight kwa zaka 20 ili ndi kabati yodzaza ma probe olowa pa makina a kampani imeneyo yokha. Kusintha kampani n'kutaya kabati yonseyo.

Chachiwiri ndi mapulogalamu. Injiniya woyesa USB kapena PCIe sangoyang'ana funde limodzi. Makina amaunjika ma bit mamiliyoni ambiri pamwamba pa anzake mpaka pa sikirini patuluke chithunzi chooneka ngati diso. Diso likatseguka bwino, wolandira deta adzasiyanitsa 1 ndi 0 mosavuta. Likayamba kutsinzina, zolakwika zayandikira. Pulogalamu iyenera kulekanitsa jitter, kufika msanga kapena mochedwa kwa ma bit, n'kunena gawo limene ndi lachisawawa ndi limene lili ndi gwero lodziwika. Iyeneranso kuchotsa ndi masamu zimene zingwe zoyezera zaononga pa funde. Mabungwe monga USB-IF ndi PCI-SIG ali ndi ndondomeko zoyesera katundu asanalandire chizindikiro chawo, ndipo mainjiniya a Keysight, Tektronix ndi Teledyne LeCroy amakhala nawo m'makomiti olemba ndondomekozo. Pamene muyezo watsopano ukutuluka, iwo pulogalamu yawo imakhala itapsa kale. Rigol ndi Siglent ali ndi mapulogalamu oyesera USB 2.0 ndi Ethernet, koma mndandanda wawo ndi waufupi poyerekeza ndi wa anzawowo.

Chachitatu sichigwirika ndi manja. Kampani yopanga zipangizo za galimoto ikatumiza lipoti la miyeso kwa kasitomala wake ku Germany, dzina la makina oyezera limalembedwa pa lipotilo. Likakhala dzina lodziwika, palibe amafunsa. Likakhala lachilendo, kukambirana kumayambira pa makinawo m'malo mwa katundu. Bwana wa labotale amene wagula makina odziwika sadzudzulidwa zinthu zikavuta, pamene amene wapulumutsa theka la ndalama pogula achilendo ndi amene adzayankhe mafunso. Onjezanipo calibration, kuyesa makinawo chaka ndi chaka kuti aone ngati akunenabe zoona, komanso funso loti akafa pakati pa ntchito ena obwereka afika m'masiku angati. Palinso mapulogalamu akale amene mafakitale analemba kuti aziyendetsa makina okha pa mzere wopangira katundu, ndipo palibe amafuna kuwalembanso. Pa nkhani ya pulogalamu ya m'kati mwa makina, ogula akhala akudandaula kuti otchipawo amatulutsa katundu asanapse, zolakwika n'kumakonzedwa pang'onopang'ono katundu ali kale m'manja mwa anthu. Wogula wa madola 400 amaseka n'kudikira. Wogula wa madola 50,000 sadikira.

Ndiye kumene magazi akutuluka kwenikweni si pansonga. Ndi pakati, kuyambira 500 MHz mpaka ma gigahertz ochepa, kumene kuli opanga ma inverter, ma chaja, mamota a galimoto zamagetsi, zipangizo za m'chipatala ndi za m'mafakitale. Ogula a kumeneku ndi ambiri, safuna chizindikiro cha PCI-SIG, ndipo ntchito yawo yambiri ndi kufufuza chimene chavuta pa bolodi, osati kulemba lipoti lopita kwa munthu wina. Kampani imene kale inkagula makina amodzi odula oti mainjiniya asanu azilandizana, pano ingathe kuika makina pa tebulo la aliyense, n'kusunga amodzi a dzina lalikulu pakona oti azisainira miyeso yomaliza. Kugula kotereku sikuchotsa Keysight kapena Tektronix m'labotale, koma kumachepetsa chiwerengero cha makina amene amagulitsa, ndipo ndi makina a pakati omwewo amene phindu lake limalipirira kafukufuku wa pansonga.

Kwa masukulu a ntchito zamanja, mayunivesite ndi amisiri a kuno kwathu, kumene ndalama zakunja zimavuta kupeza, phindu la mkanganowu lili pansi penipeni. Ndalama zimene zaka 15 zapitazo zinkagula makina a ma channel awiri osunga miyeso 2,500, lero zikugula a ma channel anayi, 12-bit, otha kumasulira zimene ma chip akuuzana pa I2C, SPI ndi UART. Pogula, ndi bwino kufunsiratu mtengo wa differential probe yoyezera magetsi amphamvu, chifukwa ntchito yambiri ya sola ndi ma inverter siingayezedwe bwino ndi ma probe obwera m'bokosi, ndipo mtengo wake ungayandikire wa oscilloscope yeniyeniyo.